Ulusi Pamkono wa a Prakop

A Prakop ankagwira ntchito yokulunga dothi. Akanena zimenezi paukwati kapena pamaliro anthu ankaseka, poyesa kuti mkuluyu akucheza, koma ntchito yawo inalidi imeneyo. Anaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu kunja kwa mzinda wa Korat, pamalo pomwe pali makina aakulu ozungulira aja omwe tonse timangowatcha kuti Mphete. Makinawo amatulutsa cheza cha ekisire champhamvu kutalitali kuposa cha kuchipatala. Akatswiri amachokera ku Bangkok ndi kwina konse, atadikira miyezi yambiri, kuti adzawalitse chezacho pa tinthu tawo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Tinthu tambiri n'tosaopsa: mpunga, galasi, mapale a miphika yakale. Koma tikakhala ta yureniyamu kapena thoriyamu, tomwe timatulutsa cheza patokha osapuma, sitifika ku Mphete tisanadutse m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde. Kiyi wa kachipindako ankasunga ndi a Prakop.

Pokamba, ntchitoyo ndi yosavuta. Mumatenga ufa wochuluka ngati mutu wa machesi, n'kuutsekera m'kachitsulo kokhala ndi kazenera ka pulasitiki, kenako n'kukutanso kawiri. Vuto ndi lakuti cheza chomwe amayezera yureniyamu kuno sichigwirizana ndi zokutira. Mukakhuthalitsa sichilowa, ndiye kuti mphunzitsi wadikira chaka pachabe. Mukapyapyalitsa kazenera kamang'ambika, fumbi n'kutuluka, nyumba yonse n'kutsekedwa. Pakati pa ziwirizi ndi pomwe a Prakop ankadyera. Kaphukusi kochoka m'manja mwawo sikanang'ambikepo, ndipo makina opimira manja omwe ali pakhomo la kachipindako sanawalirirepo ngakhale tsiku limodzi.

Kwawo kwenikweni si kuno. Anabadwira kumwera, m'kamudzi kena ka ku Phang Nga, masiku omwe dera lonselo linali maenje a migodi ya tini. Mayi awo ankaima m'madzi ofika m'chiuno kuyambira m'mawa, akuzungulitsa mbale ya mtengo kuti mchenga wopepuka uchoke, wolemera utsale. Tini ankagulitsa. Mchenga wakuda wotsalira ankauunjika kuseri kwa nyumba, ndipo ana ankayendetsapo magalimoto a zigoba za kokonati. Zoti mumchengamo munali yureniyamu ndi thoriyamu a Prakop anadzazidziwa ali ndi ndevu kale, tsiku lomwe anaika mita yopimira cheza pa sampulo ya mphunzitsi wina, n'kumva ikulira, n'kuwerenga papepala dzina la boma la kwawo. Sanauze munthu. Anangoikulunga monga mwa masiku onse.

Ku Korat anabwera ndi satifiketi ya zowotcherera, zitsulo za Mphete zidakali m'mabokosi. Anakwatira mkazi wa konkuno, mayi Samruai, omwe amagulitsa zokazinga pamsika. Mpunga womata anauzolowera, chilankhulo cha kuno anachiphunzira, koma liwiro la kumwera silinawachoke pakamwa. Anzawo ankati a Prakop akakuuza mawu, uyenera kuwathamangira pa njinga yamoto.

Munthu salephera kukhala ndi chilema chake, ndipo cha a Prakop chinali mawu atatu: "Siyani, ndipanga ndekha." Sikuti anali ouma mtima, ayi ndithu. Ankagawira anthu nkhomaliro, ankakonzera anthu mafani a kunyumba. Koma zikafika pa kazenera kaja, ankaona ngati manja a anthu ena onse ndi makasu. Othandizira atatu anadutsa m'kachipindamo, ndipo onse atatu anatuluka ali akatswiri otsuka mathireyi ndi kumata mapepala. Mmodzi mwa iwo, Wilawan, anatsuka zaka zisanu ndi chimodzi, n'kutopa, n'kupita kusukulu. Anabwerako ali mkulu woona za chitetezo ku cheza, ofesi yake moyang'anizana ndi khomo lomwe ankatulukira ndi mathireyi lija. Anapitiriza kuwatcha amalume. Iwo anayamba kumutcha abwana, koma m'njira yoti aliyense amve kuti akumugemula.

Nkhani ya chitsime inayamba kutatsala zaka ziwiri kuti a Prakop apume pantchito. Pamalo a makolo kumwera kuja panatsala achemwali awo aakulu, a Chaluai, ndi adzukulu atatu omwe makolo awo ali ku Phuket pantchito za m'mahotela. Onsewa ankamwa madzi a chitsime chomwe mayi a Prakop anakumba ndi manja kuseri kwa nyumba. Anthu oyandikana nawo anadzala kanjedza wa mafuta, n'kukumba ngalande zakuya kuti madambo aume, ndipo mchenga wakuda wa migodi womwe unagona pansi pa madzi zaka makumi anayi unayamba kupuma mpweya. A Prakop atamva, anatumiza madzi kokayezetsa kawiri. Ulendo woyamba yureniyamu inali pansi pa mlingo wololedwa. Ulendo wachiwiri inapitirira pang'ono. Oyezawo anati tidikire tione, ndipo a Chaluai anati iwo amwa madziwo zaka makumi asanu, mano onse alipo.

Yureniyamu m'dothi imakhala mitundu iwiri. Ina ndi yokhazikika, ya ufa wakuda, yomwe imamatirira m'miyala madzi n'kumangoidutsa. Ina ndi yoyendayenda, ya ufa wachikasu, yomwe ikakumana ndi madzi imasungunuka n'kupita nawo kulikonse. Mpweya ukaifikira yakudayo, pang'onopang'ono imasanduka yachikasu. Kuyeza madzi kumangokuuzani za tsiku lomwe mwatunga. Mphete ndiyo imatha kuyang'ana m'matope n'kunena kuti yureniyamu ili m'menemo ndi ya mtundu uti, ndipo mukadziwa zimenezo mwadziwa komwe madziwo akulowera chaka chamawa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Prakop, omwe moyo wawo wonse sanapemphepo kanthu kwa munthu wa madigiri, anadikira pakhonde mphunzitsi wina wa ku Bangkok, a Thanit, omwe anawakulungira masampulo zaka khumi ndi ziwiri. Anayamba ndi za mvula, n'kudutsira za ulendo wa basi, n'kufika pa chitsime tiyi atazizira. A Thanit anavomera kulemba kalata yopempha masiku. Yankho linatenga miyezi khumi ndi inayi: masiku awiri, Lachitatu ndi Lachinayi la sabata yomaliza ya Seputembala. Lachisanu lake linali tsiku lomaliza la a Prakop pantchito, pakuti ogwira ntchito za boma onse amapuma kumapeto kwa Seputembala akakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi.

Mu Ogasiti anapita kumwera, n'kulowa okha m'chitsime atamanga chingwe m'chiuno, achemwali awo ali pamwamba akukalipa kuti nkhalamba ikathyoka mwendo m'menemo madzi ndiye aipiratu. Anatapa matope a pansi penipeni ndi ena a m'ngalande, n'kuwatsekera m'timabotolo, n'kubwera nawo pa madzi oundana. Matope otere sachedwa kusintha akakumana ndi mpweya, choncho amakhala m'firiji mpaka m'mawa wa tsiku loyeza.

Mwambo wotsanzikana unayenera kuchitika Lachisanu, koma mkulu wa malowa anali ndi ulendo, ndiye anausunthira Lachiwiri. Palibe yemwe anaganizapo kawiri. Anayala mikeka m'holo, amayi okonza m'maofesi anapinda masamba a nthochi kukhala nsanja ya maluwa, ndipo anaitana mkulu wina wa kumudzi wa mayi Samruai kuti adzaitane mzimu wa a Prakop ubwerere m'thupi mwawo, usatsalire m'makonde a pantchito mwini wake akupita. Mkuluyo atatha kuimba, anthu anandanda pamawondo, aliyense ndi ulusi wake woyera wa thonje, kumanga pamkono n'kunena mawu ake.

"Amalume, mukakhala pakhomo muzilankhula pang'onopang'ono, azakhali asakuthaweni," anatero mlonda wa pageti akumanga.

"Iwe manga ulusi, pakamwa pangapa siyira eni ake," anayankha a Prakop.

Wilawan anafika chakumapeto. Anamanga mfundo ziwiri, n'kusisita mkonowo. "Zoipa zituluke, zabwino zilowe. Ndipo kiyi uja Lachisanu mundipatse ndi manja awiri, osati kundiponyera."

"Abwana, kiyi ndikupatsa. Koma chomwe ukapeze m'kachipindamo ndi mathireyi ako omwe aja."

Anthu anaseka, Wilawan nayenso anaseka, ngakhale kuti si mano onse omwe anaoneka. Pomaliza mikono yonse iwiri inali mbuu, ulusi woposa makumi anayi, nsonga zili lendelende. Mayi Samruai anawakumbutsa pamaso pa anthu zomwe mwana aliyense wa kuno amadziwa, kuti ulusi umakhala masiku atatu, ndipo saudula ndi mpeni kapena sizasi. Umamasulidwa ndi zala kapena kugwa wokha. Kumwera kwawo mwambowu sautsata kwenikweni, koma mkamwini akalowa mwambo wa eni mudzi amaugwira kuposa eni akewo. A Prakop anasamba madzulo amenewo mikono ili m'mwamba.

Lachitatu anafika isanakwane seveni koloko. Pa sinki ya pakhomo la kachipinda pali lamulo lomwe analemba ndi iwo omwe zaka zapitazo, lakuti m'manja ndi m'mikono musakhale kanthu. Anavula wotchi, anavula mphete ya ukwati, n'kuziika m'kambale. Kenako anayang'ana ulusi uja. Mlendo wa kutali akanatenga sizasi osataya ndi mphindi imodzi. Koma uwu unali ulusi wa dzulo lomweli, wa anthu makumi anayi, wina wa mkazi wawo, ndipo tsiku lake linali lomwe ankafuna madalitso kuposa tsiku lina lililonse. Anaukankhira m'mwamba, n'kukokera magolovesi pamwamba pake, n'kuzunguliza tepi kawiri m'malo mwa kamodzi. Ambiri a ife tikanachita chimodzimodzi, ndipo amene akukana akunama.

Anakulunga timaphukusi tisanu ndi kamodzi: tinayi ta matope, ndi tiwiri ta ufa weniweni wa yureniyamu, wakuda ndi wachikasu, toyerekezera. Ufa umenewu ndi wamphamvu kuposa matope kwambiri, ndipo anausiyira kumapeto. Manja anayenda bwino monga kale. Chomwe sanaone n'chakuti golovesi la kudzanja lamanja, lokhala pa mtolo wa mfundo, linali litakankha tepi, ndipo nsonga imodzi ya ulusi inasuzumira kunja. Inakhudza m'thireyi ya ufa wachikasu, kenako inayenda nawo paliponse pomwe dzanjalo linapita.

Tsoka silinunkha. Itangokwana hafu pasiti eyiti anavula magolovesi, n'kulowetsa manja m'makina a pakhomo, maganizo ali kale ku Mphete. Makinawo analira. A Prakop anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ngati kuti alirira munthu wina. Anatulutsa manja, n'kulowetsanso. Analiranso.

Wilawan anatulukira ndi mita m'manja, kapu ya khofi ataisiya pansi pakhonde. Anayendetsa mita pa zala, inali chete. Pachikhatho, chete. Itafika pamkono wamanja inayamba kuthetheka ngati mafuta a m'chiwaya.

"Amalume, musasunthe. Musagwire kumaso."

"Ndi kansonga kamodzi, mwana wanga. Ndikuona ndi maso. Tenga kameneko basi."

"Kamodzi kati? Ulusi wonse wakhudzana. Mwapukutapo thukuta?"

"Ayi."

"Mwatsimikiza?"

Kunena zoona, a Prakop sanatsimikize. Wilawan anavala magolovesi, n'kuyala pepala pansi pa mkonowo, n'kutenga sizasi m'kabati.

"Tamasula ndi zala, Wilawan. Usadule. Ndagwira mwendo wako."

"Mfundo makumi awiri, ndizikoka imodziimodzi, fumbi likuuluka? Munandiphunzitsa zimenezo ndinu?"

"Wako uli pomwepo."

"Ndikudziwa. Wa mfundo ziwiri." Iyenso ndi mwana wa kuno, ndipo agogo ake akanamuona akanamutemberera. Anapepesa chapansipansi, osati kwa a Prakop okha, n'kudula. Anadulanso wa kumanzere. Ulusi wonse unalowa m'jumbo yachikasu, ndipo pajumbopo analemba tsiku, nthawi ndi dzina, m'zilembo zomwe anaphunzira pomata mapepala zaka zisanu ndi chimodzi.

Zotsatira zake zinali za m'buku, ndipo bukulo a Prakop ankalidziwa pamtima. Kachipinda katsekedwe mpaka apime paliponse. Timaphukusi tonse tisanu ndi kamodzi tisatuluke, poti palibe akudziwa komwe ulusi unakhudza. Mwini ngoziyo apereke mkodzo kokayeza, ndipo asalowenso m'kachipindamo mpaka zotsatira zitabwera. Zotsatira zimatenga sabata.

"Sabata yamawa ndidzakhala ndili pakhonde kwathu ndikuthamangitsa nkhuku," anatero a Prakop.

"Ndikudziwa, amalume."

"Ndi chitsime cha achemwali anga, Wilawan. Muli ana atatu pakhomo paja."

"Nazonso ndikudziwa. Koma simulowa."

A Thanit anafika akupukuta magalasi, n'kumva nkhani yonse ali chiimire. Ndi munthu wofatsa, sanakalipe, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kukalipa. Anangofunsa ngati m'firiji mwatsala kanthu. Munatsala kabotolo kamodzi ka matope a pansi pa chitsime, okwana kukulunga katatu munthu akasamala. Ufa woyerekezera sukanakulungidwanso msanga, koma a Thanit anati m'kompyuta muli mizere yoonetsa zotsatira zake za zaka zapitazo, yomwe ingathandize kungoona ndi maso. Chomwe panalibe ndi munthu wokulunga. Apa ndi pomwe mawu atatu aja anabwerera kwa mwini wake. Pamalo ponsepo, anthu oposa zana, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamatapo kazenera kaja.

Lachitatu lonse linathera kupima. Cheza chomwe anachidikira miyezi khumi ndi inayi chinawala tsiku lathunthu pakhoma lopanda kanthu, a Prakop atakhala pabenchi ya pakhonde, mikono ili yofiira ndi sopo. Manyazi anawagwira kwambiri moti nkhomaliro anakadyera kuseri kwa galaja. Kwa mkazi wawo anafika atavala malaya a manja aatali, koma mayi Samruai si munthu womubisira mkono. Anayang'ana, n'kupita kukayatsa lubani.

Lachinayi m'mawa kachipinda kanatsekulidwa. Wilawan anavala chovala choyera chomwe anachisiya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, n'kulowa. A Prakop anaima kunja pazenera lagalasi, mphuno itatsala pang'ono kugunda, akulankhula kudzera pa kawailesi ka pakhoma.

"Koka pulasitikiyo mpaka iwale. Ayi, osati choncho! Ukuyanika zovala kodi?"

"Iwale bwanji, amalume? Nenani zomveka."

"Iwale basi! Umamva ndi chala."

"Chala changa sichinamvepo. Chimadziwa sopo."

Anakoka, kazenera n'kung'ambika. Gawo limodzi la matope linapita m'jumbo yachikasu. A Prakop anamenya galasi ndi chikhatho, kenako anayamba kulongosola mwaliwiro la kwawo lija, mawu akukwerana, mpaka Wilawan anaika zida pansi n'kuwayang'ana.

"Mukalankhula chikumwera ndituluka. Pang'onopang'ono, ngati mukuuza mwana wa mkaka."

Zinapezeka kuti a Prakop sankadziwa kunena zomwe manja awo ankachita. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali asanaziikepo m'mawu. Anatseka maso, n'kuyendetsa zala m'malere, n'kumanena zomwe zalazo zikuchita: kuti amayamba kumata ngodya ya kutali, kuti amapuma kaye asanakoke, kuti chala chaching'ono chimatsamira pathebulo. Kachiwiri kazenera kanamatika, koma kanali ndi khwinya pakati, ndipo kupyola pagalasi lomwelo iwo analiona.

"Taya."

"Amalume, atsala a kamodzi kokha."

"Khwinya limenelo likatseguka m'makina, utseka nyumba yonse ndi dzanja lako lomwe. Taya."

Anataya. Pa kachitatu a Prakop anangoyang'ana, kaya chifukwa mawu anatha kaya chifukwa cha mantha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Wilawan anadekha mpaka thukuta linadontha m'chibwano. Anakweza kaphukusiko kukuwala, n'kukatembenuza uku ndi uku pafupi ndi galasi. A Prakop anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ngodya ya kumanzere ndi yonyansa," anatero. "Koma sikatuluka kanthu. Kuta kachiwiri."

"Zikomo kwambiri, amalume, mwayamikira mpaka ndachita manyazi."

Kaphukusiko kanapimidwa, kanapezeka koyera, ndipo kanafika ku Mphete dzuwa litapendeka. M'chipinda cha makompyuta a Prakop sanaletsedwe kulowa. Anaima kumbuyo kwa mpando wa a Thanit, pomwe anaimapo kambirimbiri akudikira kumva ngati zokutira zawo zalola cheza kudutsa. Chinadutsa. Mzere unayamba kumera pagalasi kadontho ndi kadontho, chogona kaye, kenako n'kukwera kupanga linunda, n'kutsika. Yureniyamu m'matopemo inali yochepa, choncho anabwereza kasanu ndi katatu kuti mzerewo usalale, ndipo ulendo uliwonse unkatenga mphindi makumi awiri. Palibe yemwe anapita kukamwa madzi.

Pomaliza a Thanit anaitana mizere iwiri yakale ija, wa ufa wakuda ndi wa ufa wachikasu, n'kuisanjika pa watsopanowo. Malinunda a mitundu iwiriyi amatalikirana pang'ono kwambiri, koma munthu amene wawaona zaka zambiri sasokoneza. Linunda la matope a m'chitsime linakhala pafupifupi ndendende pa lachikasu.

A Thanit anayamba kulankhula monga aphunzitsi amalankhulira. Anati sampulo ndi imodzi. Anati zoyerekezera ndi zakale, za tsiku lina, ndipo makina amasuntha pang'ono chaka ndi chaka. Anati mwina matopewo anapuma mpweya panjira. Zonsezi zinali zoona.

"Sindingalembe kalata ndi zimenezi, a Prakop. A kuboma akandifunsa ndilibe poimira. Tipemphenso masiku, tichite bwinobwino."

"Adzatipatsa liti, Aphunzitsi?"

"Chaka. Mwina kupitirirapo."

"Nanga akanakhala adzukulu anu, mukanawasiya azimwa chaka chimenecho?"

A Thanit anavula magalasi. "Mukundifunsa ngati mphunzitsi kapena ngati munthu?"

"Mmene mungayankhire."

"Ngati mphunzitsi, sindikudziwa. Inuyo mzerewu mwauona nokha."

Anauonadi. Akanakhala ndi timaphukusi tonse tija, kalata ikanalembedwa, ya chidindo, yomwe a Chaluai akanaiopa ndipo a kuboma akanaiwerenga. Kalatayo inapita ndi kansonga ka ulusi, ndipo a Prakop sanafune munthu wowauza kuti wolakwa ndani. Anatuluka panja, n'kukhala pa kampanda ka simenti pafupi ndi poimika njinga zamoto, n'kuimba foni kumwera.

A Chaluai anayankha akutafuna kanthu. "Watha ntchito yako ija? Akupatsa wotchi?"

"Achemwali, tayeza matope aja. Madzi a m'chitsime musamwenso. Ngakhale kuphikira."

"Iih! Pepala lake lili kuti?"

"Palibe pepala."

"Ndiye wanena ndani? Aphunzitsi ako aja?"

"Aphunzitsi akuti sakudziwa."

"Nanga ndani?"

"Ndanena ine."

"Iwe Prakop? Unakhala dokotala liti, ife osamva?"

"Sindine dokotala. Koma ndaima kumbuyo kwa madokotala zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo chomwe ndaona lero ndachiona. Pepala likanakhalapo, koma ndaliwononga ndekha, ndidzakuuzani. Mukadikira lina, mwana wamng'ono uja adzakhala atamwa chaka china chathunthu."

Ananena zimenezi pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, ndipo mwina n'chifukwa chake achemwali awo, omwe anamuzolowera mlongo wawo akulankhula ngati akuthawa mvula, anasiya kutafuna. Kunamveka tambala, ndi mwana akuitana mnzake chapatali. A Prakop anadikira.

"Amayi anakumba miyezi iwiri chitsime chimenechi," anatero a Chaluai. "Bambo atamwalira. Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndiwe unkalandira ndowa za dothi pamwamba."

"Ndikukumbuka."

"Ana ndiwaletsa lero lomwe, tizikatunga kukachisi. Koma chivundikiro ubwere udzakhome wekha. Ine manja anga sangachite zimenezo."

A Prakop anati akwera basi ya Loweruka, ndipo matabwa akagula ku Takua Pa akatsika. Kenako anafunsa kuti kamwa la chitsimecho n'lotambalala bwanji, ngakhale kuti ankadziwa. Achemwali awo anati adikire, akayeze ndi mkono, ndipo anaika foni pansi osaidula. A Prakop anakhala pakampandapo foni ili kukhutu, akumvetsera mapazi a nkhalamba akupita kuseri kwa nyumba.